Mizere ya kopa ikutuluka yoonda: ndi pulogalamu kapena makina?

Funso la lero lachokera ku Mufakose mumzinda wa Harare, kwa m'bale wathu amene amakonza ma inverter ndi timabokosi toyendetsa magetsi a sola. Walemba motere: "Ndinagula kamakina ka CNC 3018 kuti ndizidzipangira mabolodi ang'onoang'ono m'malo modikira ochokera kunja. Ndimajambula mu KiCad, G-code ndimapangira mu FlatCAM, ndipo ndimatumiza ku makina ndi Candle. Mzere wa kopa ndikaujambula 0.4mm ukutuluka ngati 0.25mm, mbali ina ya bolodi mpaka ukuduka. V-bit yanga ndi ya madigiri 30, papaketi analemba 0.1mm, ndiye nambala imeneyi ndi imene ndinaika pa tool diameter. Cut Z ndinaika -0.1. Kodi FlatCAM ikulakwitsa masamu? Ndigule pulogalamu yolipira?"

Achimwene, ndalama yanuyo sungani, mudzagulire ma V-bit abwino (tizitsulo tosongoka tokumbira ngalande pa kopa) ndi collet yatsopano (kachitsulo kogwira V-bit pa makina). Pulogalamu yolipira mukaipatsa nambala yomweyo ya 0.1mm, idzakuonongerani bolodi chimodzimodzi. FlatCAM ikuwerengera bwinobwino, koma ikuwerengera ndi nambala imene siikugwirizana ndi ngalande imene V-bit yanu ikukumba pa kopa.

Tiyambe ndi zimene FlatCAM imachita popanga G-code, malamulo amene makina a CNC amatsata podula kopa wa pabolodi kuti patsale mizere yoyendamo magetsi. Imatsegula fayilo ya Gerber, chojambula cha bolodi chochokera ku pulogalamu ya KiCad, n'kuona malire a mzere uliwonse ndi pad iliyonse (malo a kopa pomatirapo mwendo wa chipangizo). Kenako imajambula njira yoti pakati pa V-bit padutse, ndipo njirayo imaitalikitsa ndi malire a kopa ndi theka la nambala imene inu mwaipatsa. Mukaiuza 0.1mm, imaika pakati pa V-bit pa mtunda wa 0.05mm kuchokera m'mphepete mwa mzere. Basi. Ilibe maso oonera bolodi, ndipo makina saibwezera uthenga woti ngalande yatuluka yotani. Akalipentala a ku Glen View, ku Harare konko, amadziwa kuti sowo imadya thabwa, n'chifukwa chake sadula pamzere wa pensulo penipeni, amasiyako malo olingana ndi mano a sowoyo. Mmisiri akaganiza kuti sowo yake ndi yopyapyala pamene ndi yochindikala, thabwa lililonse limatuluka lopelewera. Zanuzi ndi zomwezo.

Nambala ya papaketi ija ikunena za nsonga yokha, kumapeto kwenikweni kwa chitsulo. Koma V-bit imanka nitambalala kupita m'mwamba, choncho ikamalowa kwambiri, ngalande imakulanso. Masamu ake ndi awa: kukula kwa ngalande ndi nsonga, kuphatikiza kuya kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi tan ya theka la ngodya. Yanu ya madigiri 30, theka lake ndi 15, ndipo tan ya 15 ndi 0.268. Pa kuya kwa 0.1mm, ndiye kuti 0.1 kuphatikiza 0.054, ngalande ya 0.154mm. Inu munauza FlatCAM 0.1mm. Kusiyana kwa 0.054mm kumeneko kukuchoka pa mzere wanu, theka mbali ino, theka mbali inayo. Lamulo lake sungani pamtima: chimene mzere wataya ndi ngalande yeniyeni kuchotsapo nambala imene munalemba mu pulogalamu.

Mwina mukuti, nanga 0.054mm yokha ingafikitse 0.4 pa 0.25? Ayi, pali akuba ena atatu amene akudya nawo.

Woyamba ndi bolodi losagona bwino. Mabolodi a kopa amene timagula sakhala athyathyathya ngati galasi, amakhala opindika pang'ono, ndipo mukawapanikiza ndi zomangira m'makona, pakati pamatukuka. Ngati penapake bolodi lakwera ndi 0.1mm, pamenepo V-bit ikulowa 0.2mm m'malo mwa 0.1mm, ndipo ngalande ikufika 0.207mm. Ichi n'chimene chikukudulirani mizere mbali imodzi ya bolodi pamene mbali ina ili bwinoko. Tangoganizani, kopa wa pabolodi wamba, amene amamutcha wa 1 oz, ndi wochindikala 0.035mm yokha. Kupindika kumene diso silingaone n'kokwanira kuposa kopayo pafupifupi katatu.

Wachiwiri ndi kugwedera kwa V-bit pozungulira, kumene amisiri amati runout. Pa makina otchipa ngati 3018, chogwirira cha ER11 chimangolowetsedwa pa shafiti ya mota, ndipo chikakhala chopendekeka pang'ono, nsonga siizungulira pamalo amodzi, imajambula kabwalo. Kabwalo kameneko kakakhala 0.05mm, ngalande yanu yakula ndi 0.05mm. Onjezani pa 0.207 ija, mwafika 0.257mm. Chotsanipo 0.1 imene munalemba, mzere wataya 0.157mm, ndipo 0.4 yasanduka 0.24. Mwaona kuti tafika pa nambala yanu ija popanda kuimba mlandu FlatCAM.

Wachitatu ndi nsonga yothyoka. Nsonga ya carbide ya 0.1mm ndi yosalimba m'pang'ono pomwe. Ikagunda kopa mwamphamvu poika ziro, kapena ikagwa pa simenti, kansonga kamabenthuka ndipo maso sangaone. Kuyambira pamenepo mukudula ndi 0.2mm kapena kuposa, papaketi pakadali 0.1mm. Bolodi la FR4 lili ndi ulusi wa galasi mkati, umene umabunthitsa chitsulo msanga, choncho ngakhale V-bit yosathyoka imasintha ikagwira ntchito nthawi.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira nambala ya papaketi, ngakhale masamu ndakupatsaniwa ndimangowatenga ngati poyambira. Chofunika ndi kuyeza ngalande imene makina anu, ndi V-bit yanuyo, akukumba lero. Vernier, chida choyezera chija, siingakuthandizeni pa kangalande ka 0.15mm, milomo yake siilowamo. Pali njira ina yosafuna chida chodula. Tengani kachidutswa ka bolodi kotsala, mulembe G-code yaifupi yodula mizere iwiriiwiri yoyandikana, iliyonse yotalika 10mm, pa kuya kumene mukufuna kugwiritsa ntchito. Awiri oyamba atalikirane 0.30mm, otsatira 0.26mm, kenako 0.22, 0.20, 0.18, 0.16 ndi 0.14. Pakati pa ngalande ziwiri zilizonse pazitsala kaulusi ka kopa, ndipo kazinka kachepa. Pamene kaulusiko kazimiririka koyamba, nambala imeneyo ndiye kukula kwenikweni kwa ngalande yanu, kuphatikizapo runout ndi kubuntha konse. Onetsetsani kuti pa mzere uliwonse makina akufika kuchokera mbali imodzimodzi, kuti kulekerera kwa nati ya screw yoyendetsa makina kusasokoneze muyeso. Poyang'ana gwiritsani ntchito galasi lokuzira, kapena pemphani anzathu okonza mafoni ku Gulf Complex mu Harare akuonetseni pa maikulosikopu yawo. Ngati muli ndi sikana ya 1200 dpi, nayonso imathandiza, chifukwa kadontho kamodzi pa chithunzi ndi 0.021mm, mungathe kungowerenga timadontho.

Nambala mwapezayo ndi imene muziika pa tool diameter. Ine ndimaonjezerapo 0.01 kapena 0.02mm, chifukwa mzere wonenepa pang'ono suvulaza, woonda ndiye umapsa. Mukasintha V-bit, yesaninso. Ndi mphindi zochepa, ndipo kachidutswa kamodzi kamakwana mayeso ambiri.

Kuya kwa -0.1 kuja, kumene munaika pa Cut Z, nakonso chepetsani. Popeza kopa ndi 0.035mm, bolodi likakhala loyezedwa bwino -0.05 kapena -0.06 imakwana kumudula. Ambiri amalowetsa kwambiri chifukwa akuopa malo amene V-bit singafike pa kopa, ndiye akuchiza kupindika kwa bolodi ndi kuya, mizere n'kumalipira. Ngodya ya V-bit nayo ili ndi mbali yake apa. Pa 0.1mm iliyonse ya kuya, ya madigiri 60 imakulitsa ngalande ndi 0.115mm, ya 30 ndi 0.054mm, ya 20 ndi 0.035mm. Yosongoka kwambiri imakhululuka bolodi likapindika, koma imathyoka msanga. Ya 30 muli nayoyo ndi yabwino pa ntchito yanu, musaisiye. FlatCAM ya mtundu wa beta ili ndi malo osankha V-shape, pomwe mumalemba nsonga ndi ngodya, iyo n'kukuwerengerani Cut Z yogwirizana ndi ngalande imene mukufuna. Ndi chinthu chabwino, koma kumbukirani kuti nayonso ikudalira kuti nsonga yanu ilidi 0.1mm ndipo sikugwedera.

Tsono chenjezo, chifukwa mukakonza vuto ili limatulukira linzake. Mukauza FlatCAM zoona, mwachitsanzo 0.18mm, iyo siidutsanso paliponse pamene mpata pakati pa kopa ndi kopa ndi wochepera 0.18mm. Imangolambalala malowo, ma pad awiri n'kutsala olumikizana, inu n'kudzadabwa bolodi likuchita shoti. Musanasunge G-code, kuzani chithunzi pa sikirini, mutsatire njira yonse, makamaka pakati pa miyendo ya ma IC, tizipangizo ta miyendo yambiri tija. Mankhwala ake ali mu KiCad: pa design rules ikani clearance (mpata wa pakati pa kopa ndi kopa) yoposa ngalande yanu, monga 0.25 kapena 0.3mm, kuti KiCad ikukanizeni muli pojambula. Ma IC a DIP, amene miyendo yake imatalikirana 2.54mm, savuta. A SOIC, a 1.27mm, amathekanso bwinobwino. Mukafika pa TQFP ya 0.8mm, monga ATmega328P ya miyendo 32, mpata umachepa kwambiri, ndipo pamafunika kuti zonse tikukambazi zikhale zitakonzedwa kale. Za passes, maulendo amene V-bit imazungulira mzere uliwonse, musaope. Mukaika 2 kapena 3, maulendo owonjezerawo amapita kunja, kutali ndi mzere, ndipo amangokulitsa mpata kuti solder isalumphe.

Tibwerere ku bolodi losagona bwino, popeza apa ndi pamene pali phindu lalikulu. Choyamba, thabwa la pansi. Ikani kachidutswa ka MDF pa tebulo la makina, mulipale pamwamba ndi end mill (chodulira cha nsonga yathyathyathya) pogwiritsa ntchito makina omwewo, kuti likhale lofanana ndi mayendedwe a X ndi Y. MDF imamwa chinyezi, choncho thabwa limene munapala mu Ogasiti kunja kuli gwaa musalikhulupirire mu Januwale mvula ili mkati, lipaleninso. Chachiwiri, bolodi limateni ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, yopyapyala, pansi ponse, m'malo molikanikiza m'makona. Ngati munalidula ndi sowo, palani m'mphepete ndi fayelo, chifukwa kachitsulo kotsalira m'mphepete kamalinyamula.

Chachitatu, Candle imene muli nayo kale ili ndi heightmap, mapu a kukwera ndi kutsika kwa bolodi, ndipo anthu ambiri saigwiritsa ntchito. Mumalumikiza waya umodzi pa V-bit ndi kachopanira, wina pa kopa wa bolodi, onse n'kupita ku malo a probe pa bolodi loyendetsa makina la GRBL, amene pa Arduino Uno ndi pini ya A5 ndi GND. Makina amatsika pang'onopang'ono ndi lamulo la G38.2 mpaka nsonga itakhudza kopa, n'kulemba kutalika kwa pamenepo, kenako n'kupita pena. Akamaliza, Candle imasintha Z ya G-code yonse kuti izitsata mapiri ndi zigwa za bolodi lanu. Ikani malo oyeza otalikirana pafupifupi 10mm, liwiro lotsikira likhale lochepa kuti nsonga isabenthuke, ndipo tsukani kopa kaye kuti magetsi adutse msanga. Mukamaliza musaiwale kuchonga pa Use heightmap, komanso chotsani kachopanira kaja musanayatse spindle, mota yozungulitsa V-bit. Bolodi mukalisuntha ngakhale pang'ono, mapuwo atha ntchito, yezaninso. Pulogalamu ya bCNC nayo ili ndi autolevel yochita zomwezi.

Za runout, tulutsani collet, muitsuke pamodzi ndi nati yake, chifukwa fumbi la bolodi likalowamo limapendeketsa V-bit. Collet iyambe yalowa mu nati mpaka imveke kuti yakhala, kenako ndiye mumange pa spindle. V-bit musaisiye italendewera kunja kwambiri, ilowetseni mkati kuti kutuluke kochepa. Mukazungulitsa ndi dzanja mukuyang'ana nsonga pa galasi lokuzira, mudzaona nokha ngati ikuvina.

Bolodi loonongeka musalitaye musanaliwerenge, limanena lokha chimene chavuta. Mizere yonse ikaonda mofanana, vuto ndi tool diameter. Ikaonda dera limodzi, ndi kupindika kwa bolodi. Koma mukaona kuti mizere yoimirira ndi yosiyana kukula ndi yopingasa, ndipo ma pad ozungulira akutuluka ngati dzira, pamenepo ndi backlash, kulekerera kwa nati pa lead screw makina akamabwerera m'mbuyo. GRBL 1.1 ilibe malo okonzera zimenezi mu pulogalamu, choncho muyenera kugwira sipanala. Onani sipuling'i ya nati ngati ikukankha bwino, mumange tizomangira ta pa coupler yolumikiza mota ndi screw, ndipo gwirani spindle ndi dzanja muigwedeze makina ali chiimire. Ikasuntha, funani pamene pakulekerera. M'mphepete mwa mizere mukakhala manyanyaza, V-bit yabuntha kapena mukuthamangitsa. Pa 3018 yambani ndi feed (liwiro loyendera makina podula) ya 100 mpaka 150mm pa mphindi, spindle ili pa liwiro lake lonse, ndipo mukwezere pang'onopang'ono mukaona kuti zikutuluka zosalala.

Ena akuuzani kuti musinthe $100 ndi $101, nambala za masitepe pa milimita mu GRBL. Zionetsetseni, inde. Mota ya masitepe 200, pa microstepping ya 16, ndi screw yoyenda 4mm pa kuzungulira kumodzi, imapereka 800, ndipo imeneyi ndi nambala imene imapezeka pa ma 3018 ambiri. Uzani makina ayende 100mm, muyeze ndi vernier. Koma dziwani kuti izi sizingakhale gwero la vuto lanu. Nambalayi italakwika ndi 1 pa 100 iliyonse, mzere wa 0.4mm ungasinthe ndi 0.004mm yokha. Pamene zimaonekera ndi pa zinthu zazitali: IC ya DIP ya miyendo 40 ili ndi 48.26mm kuchokera mwendo woyamba kufika womaliza mbali imodzi, ndiye kulakwa komweko kumapereka pafupifupi theka la milimita, miyendo n'kukana kulowa m'mabowo.

Kodi pali nthawi imene pulogalamu imakhaladi gwero? Ilipo, koma siili pa njira imene mukuyenda inuyi. KiCad imatulutsa Gerber ndi manambala 6 pambuyo pa kadontho, kusamala koposa kwambiri zimene makina aliwonse a patebulo angathe kutsata. Mavuto amabwera kwa amene amadutsira pa chithunzi. Pali njira yotchuka m'ma Fab Lab (malo ogwiriramo ntchito okhala ndi makina otere) yosandutsa bolodi kukhala PNG kenako n'kupanga njira ya makina kuchokera pa chithunzicho. Chithunzi chikakhala cha 300 dpi, kadontho kamodzi ndi 0.085mm, ndipo mzere wa 0.4mm ndi timadontho tosakwana 5. Kadontho kamodzi kakasowa, mwataya gawo lalikulu. Oyenda njira imeneyi asatsike pansi pa 1000 dpi. Odutsira pa SVG nawo asamale: pulogalamu yojambulira ya Inkscape inasintha kuchoka pa 90 dpi kupita pa 96 dpi itatulutsa mtundu wa 0.92 mu 2017, ndipo fayilo ikawerengedwa ndi muyeso wolakwika, bolodi lonse limakula kapena kuchepa ndi pafupifupi 6 kapena 7 pa 100. Chinanso ndi mainchesi ndi mamilimita. Tsegulani G-code yanu muone mizere yoyambirira: G21 ndi mamilimita, G20 ndi mainchesi. Ndipo mukamawerenga malangizo a anthu a ku America onena za ma mil, mil imodzi ndi 0.0254mm, si milimita ayi. Mzere wa 16 mil ndiwo pafupifupi 0.4mm yanu ija.

Mutakonza zonsezi, langizo langa ndi lakuti pojambula muziganiza ngati munthu wodula ndi chitsulo. Fakitale imasungunula kopa ndi mankhwala ndipo imakwanitsa mizere yaing'ono kwambiri, inu mulibe chifukwa chopikisana nayo. Pamene pali malo, mzere wa signal uikeni 0.5 kapena 0.6mm, muuchepetse pokhapokha podutsa pothina. Apa ntchito yanu ya ma inverter ndi sola ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mizere yanu imanyamula magetsi enieni. Potsata masamu a IPC-2221, buku la miyezo ya kapangidwe ka mabolodi, pa kopa wa 0.035mm wa pamwamba pa bolodi, kuti mzere usatenthe kuposa madigiri 10 pamwamba pa kutentha kwa malo, wa 1mm umanyamula pafupifupi ma amp 2.4, wa 0.3mm pafupifupi amp imodzi, wa 0.2mm pafupifupi 0.74. Mzere umene munauwerengera pa kompyuta ukaonda pa makina, mphamvu yake yatsikanso, ndipo udzatenthera pamalo opyapyala kwambiri aja. Njira za batire ndi za ma MOSFET zipangeni zotambalala ndi ma zone a kopa, ndipo pamene ma amp ndi ambiri onjezani solder kapena waya pamwamba.

Magetsi athu kuno amathima mosapangana, ndiye konzekeranitu. 3018 yopanda ma limit switch (maswitchi ouza makina polekezera) ikazima imaiwala pamene inali. Musanayambe kudula, boolani kabowo kakang'ono pa X0 Y0 kunja kwa dera la ntchito, kuti magetsi akabwera mudzalowetsemo nsonga n'kupezanso ziro. Heightmap isungeni mu fayilo, ndipo bolodi musalimatule. Ngati n'kotheka, makina ndi laputopu zikhale pa inverter pamene mukudula. Fumbi la FR4 musalipume kapena kuliuzira ndi pakamwa, valani chophimba kumphuno, ndipo kadontho ka mafuta opepuka pa bolodi kamaligwira kuti lisauluke. Mukapeza mabolodi a FR1, a pepala ndi utomoni, amadulika mofewa ndipo V-bit imakhalitsa, ngakhale sapirira kutentha ngati FR4.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse koma sindingachisiye. Kudula kwa mtundu umenewu kumangokumba kangalande kuzungulira mzere, kopa wina yense amatsala pa bolodi. Pa 12V kapena 24V palibe vuto. Koma mbali ya 230V ya inverter, kangalande ka 0.2mm si chitetezo, fumbi ndi chinyezi pang'ono zimakwana kuti moto ulumphe. Magetsi a 230V AC amakwera mpaka 325V pa nsonga ya funde, ndipo tebulo la IPC-2221 limafuna mpata wa 2.5mm pa mizere yapamwamba yosakutidwa ya pakati pa 301V ndi 500V. Bolodi lodula pakhomo lilibe utoto wobiriwira wotchinga uja, choncho 2.5mm muitenge ngati yochepetsetsa, ndipo pakati pa mbali ya 230V ndi mbali imene munthu angakhudze musiyepo wokulirapo. Mu FlatCAM gwiritsani ntchito NCC, chida chochotsa kopa yense wosafunika, ndi end mill ya 0.8 kapena 1mm, mupale dera lonselo mpaka pasatsale kachilumba ka kopa ngakhale kamodzi. Mukamaliza yesani ndi multimeter pakati pa mizere yoyandikana, muyang'anenso pa galasi lokuzira ngati mulibe tiulusi ta kopa m'ngalande, kenako pakani lacquer ya mabolodi musanalumikize ku magetsi.